CIWINDI NDI MANKHWALA OSUNGUNULA A PA NCHITO

Pa mseu waukulu wa kum'mawa, umene ucokera ku Lusaka ndi kupita ku Chipata, pali mzinda wa Chongwe, pa mtunda wa makilomita ngati 45 kucokera ku Lusaka. Kale dziko limeneli la Asoli linali kudziwika ndi ulimi wa cimanga ndi sukulu ya aphunzitsi ya ku Chalimbana. Masiku ano m'bomali mwaculuka nchito zinanso: magalaji okonzera magalimoto, misasa ya opaka penti, ya amisiri a matabwa ndi ya osoka nsapato, nyumba zokonzeramo mathirakitala pa mafamu, ndiponso bwalo lalikulu la ndege la Kenneth Kaunda, limene liri m'boma lomweli. Nchito zimenezi, pamodzi ndi za m'mashopu a makina a ku migodi ya ku Copperbelt, zifanana pa cinthu cimodzi. Ozigwira akhala tsiku ndi tsiku ndi mankhwala amadzimadzi a fungo laukali, amene asungunula mafuta, girisi, penti ndi guluu. Mankhwala amenewa athandiza kwambiri, koma ena mwa iwo aononga ciwindi ca munthu.

Nthenda ya fumbi ya m'mapapo anthu a ku migodi aidziwa bwino, pakuti wodwalayo atsokomola ndipo anzace amva. Koma ciwindi sicitsokomola. Cingathe kuonongeka zaka zambiri mwini wace ali kudya bwino ndi kupita ku nchito masiku onse, ndipo pamene maso ayamba kusanduka acikasu, nthendayo yafika kale patali. Cifukwa cace munthu wogwira mankhwala otere sayenera kudikira ululu kuti umucenjeze. Ayenera kudziwa dzina la cimene agwira, njira imene cilowera m'thupi, ndi zinthu zimene zionjezera ukali wace.

MANKHWALA AMENEWA NDI OTANI?

Madzi sacotsa girisi pa citsulo, ndiponso sasungunula penti ya mafuta. Cotero amisiri afuna zamadzimadzi zina zamphamvu. Zodziwika kwa onse ndizo thinners, petulo, parafini, sipiriti ndi acetone. M'kati mwa thinners kawirikawiri muli mankhwala ochedwa toluene ndi xylene, ndipo toluene apezekanso m'guluu wa nsapato. Palinso banja lina la mankhwala okhala ndi chlorine, ndipo maina ao ndi awa: carbon tetrachloride, chloroform, trichloroethylene, perchloroethylene ndi dichloromethane. Awa agwira nchito yotsuka zitsulo za makina, yocapa masuti popanda madzi, yotsuka mabuleki a galimoto ndi yocotsa penti yakale. Wina ndiye dimethylformamide, amene mwacidule achedwa DMF, wa m'mafakitale opanga zikopa zosacokera ku nyama ndi nsalu zosalowa madzi.

Mankhwala onsewa salingana ukali wao. A m'thinners ndi a m'petulo athamangira ku ubongo: munthu amva cizungulire, mutu umuwawa, ndipo ayenda ngati woledzera. Ciwindi acikhudza pang'ono, makamaka munthu akawapuma zaka zambiri. M'petulo mulinso benzene, amene aononga mafuta a m'mafupa, kumene magazi apangidwa. Koma adani enieni a ciwindi ndiwo a banja la chlorine pamodzi ndi DMF. Cobvuta ncakuti ambiri aoneka cimodzimodzi, oyera mbee ngati madzi, ndipo ena anunkhira motsekemera. Akale anati cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ku migodi nako mankhwala osungunula ndi ambiri. Atsukira mainjini ndi zitsulo m'mashopu a makina ndi a magetsi, ndipo apezeka m'nyumba zoyeseramo miyala. Ku Nchanga, ku Chingola, mu 1974 anatsegula malo akulu otengera mkuwa m'matope otsala, kumene mkuwawo uyamba wasungunuka m'asidi, ndipo pambuyo pace utengedwa ndi mankhwala osakanizidwa ndi mafuta onga parafini. Mafuta amenewo si a banja la chlorine, komabe nthunzi yace si ya kupuma masiku onse.

NJIRA ZOLOWERA M'THUPI

Mankhwala osungunula ali ndi makhalidwe awiri. Loyamba, auluka msanga: citini cosiyidwa cosatseka m'mawa cipezeka citacepa madzulo, ndipo cimene cacokamo ciri mumpweya wa m'nyumbamo. Laciwiri, akonda mafuta, ndipo thupi la munthu liri ndi mafuta pa khungu, m'ubongo ndi m'ciwindi.

Njira yaikulu ndiyo ya kupuma. Nthunzi ikalowa m'mapapo, ifika m'magazi nthawi yomweyo. Munthu wogwira nchito yolemetsa apuma kwambiri, cotero amezanso nthunzi yambiri, ndipo m'miyezi yotentha ya September ndi October mankhwala auluka koposa. Nthunzi imeneyi ilemera kupambana mpweya wamba, cotero itsikira pansi nikhala m'maenje: m'dzenje la m'galaji limene makanika atsikiramo pokonza kunsi kwa galimoto, m'thanki yopakidwa penti m'kati, kapena m'cipinda ca pansi pa nyumba. Mphuno si mlonda wokhulupirika, pakuti itatha kanthawi izolowera fungo. Wanchito aganiza kuti fungo latha, pamene mlendo wolowa pakhomo agwira mphuno yace.

Njira yaciwiri ndiyo ya khungu. Amakanika ambiri asamba m'manja ndi petulo kapena thinners poweruka, cifukwa girisi acoka msanga. Koma mafuta a khungu nawo acoka, khungulo liuma niling'ambika, ndipo mankhwala alowa mosabvuta. DMF apyola khungu ngakhale liri lopanda bala. Ovololo yonyowa ndi mankhwala, kapena kansanza konyowa koikidwa m'thumba, zidyetsa thupi mankhwalawo tsiku lonse.

Njira yacitatu ndiyo ya pakamwa: kudya nsima ndi manja osasamba bwino, kukoka petulo ndi pakamwa pa paipi, ndi kusunga thinners m'botolo la zakumwa, limene mwana alitenga namwa.

NCHITO YA CIWINDI

Ciwindi cikhala kunsi kwa nthiti za ku dzanja lamanja. Ca munthu wamkulu cilemera makilogalamu ngati 1.5, ndipo pa mphindi iri yonse mupyola magazi oposa lita imodzi. Nchito zace nzambiri. Cisunga shuga wopatsa mphamvu, cipanga ndulu yothandiza kugaya mafuta a m'zakudya, cipanga zinthu zoumitsa magazi pa bala, ndipo cisefa zoipa zolowa m'magazi. Cirinso ndi mphatso imene ziwalo zambiri ziribe: cikapweteka cingathe kumeranso, ngati cocipwetekaco cacotsedwa msanga.

Tsono ngati ciwindi ndico cisefa poizoni, cilekeranji kugonjetsa mankhwala osungunula? Yankho liri m'kagwiridwe kace ka nchito. Zinthu zokonda mafuta sizituluka bwino ndi mkodzo, cotero ciwindi ciyamba caziphwanya ndi kuzisandutsa zosungunuka m'madzi. Cicita zimenezi ndi tinthu tace tochedwa enzyme. Koma mankhwala ena, pophwanyidwa, asanduka aukali kuposa poyamba. Carbon tetrachloride ali wotero. Enzyme ina yochedwa CYP2E1 ikamuphwanya, zidutswa zace zitentha tizigawo tating'ono ta ciwindi, tochedwa maselo, ndipo maselowo afa. Ziri monga munthu wopha njoka ya m'nyumba kuti apulumutse ana, njokayo nimuluma iye mwini.

MMENE NTHENDA IONEKERA

Kupweteka kwa ciwindi kudza m'njira zinai. Yoyamba ndi ya dzidzidzi, pamene munthu wapuma nthunzi yambiri pa tsiku limodzi, monga potsuka makina m'cipinda cotseka. Tsiku lomwelo amva cizungulire ndi mseru, nasanza. M'mawa mwace angathe kumva bwino ndi kuganiza kuti zatha. Koma pakapita tsiku limodzi kufikira masiku 3, m'mimba muyamba kuwawa ku dzanja lamanja, maso asanduka acikasu, ndipo mkodzo uda ngati tiyi wopanda mkaka. Nthawi zina impso nazo zileka nchito, mkodzo nucepa, ndipo pamenepo imfa iri pafupi ngati munthuyo sanafike ku cipatala.

Yaciwiri ndi ya pang'onopang'ono. Nthunzi yocepa yopumidwa miyezi ndi zaka icititsa mafuta kuunjikana m'ciwindi, ciwindico nicitupa. Munthu angamve kutopa ndi kusafuna kudya, koma kawirikawiri samva kanthu konse. Mu 1999 madotolo a ku Brazil analemba za anchito a m'mafakitale a mankhwala ocokera ku mafuta a pansi, ku Bahia, amene ziwindi zao zinadzala mafuta ngakhale sanali akumwa mowa kapena onenepa. Atawacotsa pa nchitoyo, ambiri anayamba kucira.

Yacitatu ndiyo ya zipsera. Kupweteka kukabwerezedwa kawirikawiri, ciwindi cilephera kumeranso bwino, ndipo m'malo mwa mnofu wace mukhala zipsera zolimba. Ciuma nicikhwinyata. Pamenepo mimba idzala madzi, miyendo itupa, ndipo munthu angathe kusanza magazi. Madotolo achula nthendayi cirrhosis, ndipo ikafika pamenepa sibwerera. Madzi akatayika saoleka.

Yacinai ndiyo khansa. Mu 2012 bungwe la IARC, limene ndi nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linagamula kuti trichloroethylene acititsa khansa ya impso, ndi kuti pali zizindikiro zakuti akhudzanso khansa ya ciwindi. Mankhwala omwewa alinso ndi nthenda ina yofulumira, imene yaoneka kwambiri m'mafakitale a kumwera kwa China. Wanchito watsopano, atagwira milungu yowerengeka cabe, atentha thupi, khungu licita zidzolo nilisupuka, ndipo ciwindi citupa. Wotere sayenera kubwereranso ku mankhwalawo.

ZIMENE ZINACITIKA M'MAIKO ENA

Nthenda imeneyi inayamba kudziwika bwino m'caka ca 1914, pa ciyambi ca nkhondo yaikulu yoyamba. Ndege za masiku amenewo zinali ndi mapiko a nsalu, ndipo nsaluyo inali kupakidwa vanishi kuti ilimbe. M'fakitale ya ndege ya ku Hendon, pafupi ndi London, anchito anayamba kudwala cikasu, ndipo wina anafa. Dotolo William Willcox anatenga zinthu zosakanizidwa m'vanishiyo, napumitsa makoswe nthunzi ya ciri conse pacokha. Makoswe amene ziwindi zao zinaonongeka anali aja opuma tetrachloroethane, mbale wace wa carbon tetrachloride. M'mafakitale a ndege a ku Britain munadwala anthu ngati 70, ndipo 12 anafa. Kuyambira mu 1916 lamulo la kumeneko linati dotolo ali yense woona cikasu cocokera ku mankhwala a pa nchito azidziwitsa Boma, ndipo nkhondo isanathe mankhwalawo analeka kuikidwa m'vanishi.

Mu 1985, ku Taiwan, anchito atatu a m'fakitale yosindikizira anagonekedwa m'cipatala ndi ciwindi cotupa. Poyesa magazi a onse, anapeza kuti mwa anchito 25, ziwindi za 17 zinali zitakhudzidwa. Carbon tetrachloride anali kutsukira pampu ya makina, koma makina oziziritsa nyumba anali kuzunguza mpweya womwewo m'zipinda zolumikizana, cotero anadwala ndi ena amene sanagwire mankhwalawo ndi manja ao.

Mu 1988 madotolo a ku Yale, ku America, analemba za fakitale ya ku Connecticut yopaka nsalu, imene inali kugwiritsa nchito DMF. Mwa anchito 58 amene anayesedwa, 36 magazi ao anaonetsa kupweteka kwa ciwindi. M'nyumbamo munalibe mphepo yokwanira, ndipo mankhwala anali kukhudza khungu lao.

Ndipo mu 2012, ku Osaka, ku Japan, kunamveka nkhani yomvetsa cisoni koposa. M'nyumba ina yosindikizira, anchito anali kupukuta inki pa makina kambirimbiri pa tsiku ndi mankhwala ochedwa 1,2-dichloropropane ndi dichloromethane, m'cipinda ca pansi copanda mazenera. Amuna 17 anadwala khansa ya m'mitsempha ya ndulu, nthenda imene kawirikawiri igwira okalamba, pamene iwo anali a zaka za pakati pa 25 ndi 45. Mu 2014 IARC inaika 1,2-dichloropropane m'gulu la zinthu zodziwika kuti zicititsa khansa.

M'nkhani zimenezi muli zinthu zofanana: mankhwala amene anthu anawayesa abwino, nyumba yopanda mphepo yokwanira, ndi nthenda imene inazindikirika pokhapo wina ataona kuti odwalawo acokera pa nchito imodzi. Carbon tetrachloride, amene kale anali kuikidwa m'zozimira moto ndi m'zocapira zobvala, analetsedwa ndi pangano la maiko la Montreal cifukwa coononga mlengalenga, ndipo maiko osauka anapatsidwa caka ca 2010 kuti akhale atamuleka. Koma abale ace ena akali m'zitini. Cigubu copanda dzina, cogulidwa motsika mtengo, palibe angadziwe cimene ciri m'kati mwace.

MOWA NDI AKATUNDU ENA

Anthu awiri angathe kupuma nthunzi imodzimodzi m'cipinda cimodzi, wina nacoka ndi mutu wowawa cabe, mnzace nagona m'cipatala. Kawirikawiri cosiyanitsa ndi mowa. Munthu wakumwa masiku onse, ciwindi cace cionjezera enzyme ija ya CYP2E1 kuti igonjetse mowawo. Tsono carbon tetrachloride kapena chloroform akalowa, apeza enzyme yambiri yomudikira, ndipo zidutswa zotentha zija ziculuka. Cifukwa cace nthunzi imene wosamwa aipirira ingathe kupha wakumwa. Mowa uli wonse ucita zimenezi, wa m'botolo, wa masese kapena kacasu. Ogwira trichloroethylene kapena DMF ena aona cizindikiro cina: akamwa pang'ono cabe, nkhope ndi khosi zitentha, ndipo mtima ugunda msanga. Cimeneci cisonyeza kuti mankhwala a ku nchito akali m'thupi. Mwambo wa "kutsuka kukhosi" ndi mowa poweruka uli ngati kuzima moto ndi parafini.

Katundu waciwiri ndiye kacirombo ka Hepatitis B, kamene kakhala m'ciwindi zaka zambiri osaoneka. Kufufuza kwa m'dziko lonse la Zambia kwa mu 2016 kunapeza kacirombo kameneka mwa anthu 5.6 pa 100 ali onse a zaka 15 kufikira 59, ndiko kuti munthu mmodzi mwa anthu ngati 18. Katemera wace anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Zambia mu 2005, cotero anchito ambiri a lero anabadwa katemerayo asanafike.

Wacitatu ndiye poizoni wa cuku, wochedwa aflatoxin, amene amera m'cimanga ndi m'nsawa zosungidwa zisanaume bwino. Mu August 2024 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti agalu ngati 400 anafa atadya zakudya za cimanga cokhala ndi poizoni ameneyu, ndi kuti anapezekanso m'ufa wa zigayo zina. Kwa anthu a m'dziko la ulimi ngati Chongwe, nkhokwe youma bwino iri mbali ya cisamaliro ca ciwindi.

Wacinai ndiwo mankhwala ena a ku cipatala ndi a ku sitolo. Paracetamol, amene anchito ambiri amwa mutu ukawawa ndi fungo la penti, apyola m'ciwindi momwemo, ndipo munthu wamkulu sayenera kupitirira mapiritsi 8 a mamiligalamu 500 pa tsiku. Mankhwala a cifuwa ca TB nawo alemetsa ciwindi. Wodwala sayenera kuwaleka konse, koma auze a cipatala za nchito imene agwira, kuti amuyang'anire. Akatundu amenewa ali yense payekha ciwindi cingamusenze, koma onse pamodzi acigwetsa. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

MKAKA SUTSUKA CIWINDI

Opaka penti ambiri akhulupirira kuti kumwa mkaka poweruka kucotsa poizoni, ndipo eni nchito ena apereka mkaka nakhala ndi mtima wokhazikika. Mkaka ndi cakudya cabwino ndithu, koma upita m'mimba, pamene nthunzi inalowera m'mapapo nifika kale m'magazi ndi m'ciwindi. Ziwirizi sizikomana. Coipa ca cikhulupiriro cimeneci ncakuti munthu aleka kufunsa za mazenera ndi za cophimba mphuno, poganiza kuti botolo la mkaka lamchinjiriza.

ZOYENERA KUCITA

Munthu wa pa mgodi adziwa kuti salowa kumene kwaphulitsidwa miyala utsi usanatuluke, ndi kuti mphepo yokankhidwa ndi makina ndiyo moyo wa a pansi. Nzeru yomweyo ifunika m'galaji ndi m'msasa wa penti.

Coyamba ciri kwa mwini nchito, ndico kufunsa ngati mankhwala aukaliwo afunikadi. Zitsulo zambiri zitsukika ndi sopo wamphamvu ndi madzi otentha, ndipo pali penti zosungunuka ndi madzi. Ngati mankhwalawo sangalekeke, zitini zikhale zotseka nthawi zonse, ndipo nsanza zonyowa ziikidwe m'citini ca cibvundikiro kunja kwa nyumba. Nchito icitike pabwalo, kapena m'nyumba ya mazenera mbali ziwiri, wanchito ataima kumene mphepo icokera. Fani yokoka mpweya iikidwe pafupi ndi nchito ndi ca pansi, kuti nthunzi ituluke isanafike pa nkhope ya munthu. Citini ciri conse cikhale ndi dzina lace. Pa zitini zambiri pali zizindikiro m'kabokosi ka m'mbali mofiira: cigaza ndi mafupa, kapena cithunzi ca munthu wokhala ndi nyenyezi pa cifuwa. Caciwirici cinena kuti mankhwalawo angaononge ziwalo za m'kati kapena kucititsa khansa. Wogulitsa ayenera kuperekanso pepala lofotokoza za mankhwalawo, lochedwa safety data sheet.

Caciwiri ndico zobvala zochinjiriza. Kansalu komanga pa mphuno, kapena masiki ya pepala, zigwira fumbi lokha, koma nthunzi ipyola ngati madzi m'dengu. Yofunika ndi masiki ya mphira yokhala ndi tizitini ta makala, timene tiyenera kusinthidwa kawirikawiri ndi kusungidwa m'thumba lotseka, pakuti makala akakhuta sagwiranso kanthu. M'thanki kapena m'dzenje lakuya ngakhale masiki imeneyi sikwanira. Pafunika mpweya wocokera kunja ndi mnzace woima pamwamba. Magolovesi opyapyala a m'nyumba apyoledwa ndi mankhwala ambiri, cotero afunika a mtundu wolembedwa pa pepala lija. M'manja musambidwe ndi sopo, ndipo ovololo isacapidwe pamodzi ndi zobvala za ana. Wowotcherera asayatse moto wace pa citsulo cotsukidwa ndi mankhwala a chlorine cisanaume, pakuti moto uwasandutsa mpweya wakupha wochedwa phosgene.

Munthu akakomoka ndi nthunzi, atulutsidwe ku mphepo, koma womuthandiza asatsikire m'dzenje wopanda comuchinjiriza, angagone onse awiri. Zobvala zonyowa zibvulidwe, khungu lisambitsidwe ndi sopo ndi madzi ambiri. Wakumwa mankhwalawa asasanzitsidwe, cifukwa angalowe m'mapapo. Ndipo apite ku cipatala tsiku lomwelo ngakhale wadzuka nanena kuti ali bwino, popeza ciwindi cionetsa bala lace patapita masiku.

KU CIPATALA NDI KU BOMA

Cikasu cidza ndi nthenda zambiri, monga malungo ndi tizirombo ta Hepatitis, ndipo dotolo sangadziwe za mankhwala a ku nchito ngati sanauzidwe. Cotero wodwala anene nchito yace, zaka zimene waigwira, ndi dzina la mankhwala. Atenge citini copanda kanthu kapena acijambule pa foni. Anenenso zoona za mowa ndi za zitsamba zimene wamwa, pakuti zitsamba zina nazo zilemetsa ciwindi. Pali kuyesa magazi kochedwa ALT ndi AST, kumene kuonetsa kupweteka kwa ciwindi munthu asanamve kanthu. Wogwira mankhwala aukali acita bwino kuyesedwa poyamba nchito ndi nthawi ndi nthawi pambuyo pace, ndi kupemphanso kuyesedwa Hepatitis B. A ku Chongwe ayambira ku kiliniki kapena ku cipatala ca boma ca Chongwe, ndipo nthenda ikakula atumizidwa ku zipatala zazikulu za ku Lusaka, monga Levy Mwanawasa ndi University Teaching Hospital.

Malamulo nawo alipo. Lamulo la Occupational Health and Safety la mu 2010 linaika pa mwini nchito udindo wosamala umoyo wa anchito ace, ndipo linalamula kuti pa malo a anchito 10 kapena kuposa pakhale kabungwe ka za umoyo ndi citetezo. Ku Kitwe kuli Occupational Health and Safety Institute, imene inayamba ndi kuyesa mapapo a anthu a ku migodi, ndi Mines Safety Department yoyang'anira migodi. Ku Ndola kuli likulu la Workers' Compensation Fund Control Board, bungwe lolipira anchito obvulala kapena odwala cifukwa ca nchito. Mlandu wotere uyenda ndi umboni, cotero wanchito asunge makhadi ace a cipatala ndi zotsatira za magazi.

Koma ambiri a m'misasa ya m'mbali mwa mseu adzilemba okha nchito. Alibe kabungwe, alibe kapitao woona za citetezo, ndipo cimene mnyamata wophunzira nchito adziwa ndico cimene mmisiri wamkulu wamuonetsa. Mnyamata woyamba kupaka magalimoto ali ndi zaka 18 adzafuna ciwindi comweco kwa zaka zina 50. Cotero mmisiri wamkulu, tsiku limene amphunzitsa kugwira mfuti ya penti, amphunzitsenso kuwerenga dzina pa citini, kucitseka, kuima kumene mphepo icokera, ndi kusamba m'manja ndi sopo.